Mbewu ya Amuna Anga

Makina opangira yogati anandipatsa ndi achemwali anga aakulu, ndipo ndikanadziwa zimene zinali m'katoni imeneyo ndikanawabwezera pakhomo pomwepo. Kanthu kake kooneka kofatsa: chimbale choyera chamagetsi, chivundikiro choonekera mkati, ndi timabotolo tagalasi tokhala mozungulira. Umawiritsa mkaka, kuuziziritsa mpaka chala chizipirira, kuthiramo masupuni awiri a yogati yakale, imene eni ntchitoyi amati mbewu, n'kugawa m'timabotolo muja. Ukatero umayatsa, kanyali kofiira n'kuwala, iwe n'kumapita kuntchito. Pobwera madzulo upeza mkaka wagwira, wongofunika firiji basi. Anatero achemwali anga. Kulankhula n'kosavuta, abale.

Nthawi imeneyo n'kuti apongozi anga ali kwathu. Anabwera kudzaonetsa maso kuchipatala, magalasi analandira sabata yoyamba yomweyo, koma chikwama chawo chinamera mizu kuseri kwa sofa. Amati mlendo ndi mame. Awa sanali mame ayi, anali chinyontho cha m'khoma.

Chimene anabwerera chenicheni ndinkachidziwa. Ine ndi amuna anga takhala m'banja zaka zambiri ndithu, koma mwana tilibe. Tinapita kwa madokotala, anatiyeza tonse awiri, ndipo anatiuza mosapita m'mbali kuti vuto lili kwa ine, njira zinatsekeka. Tinagwirizana kuti nkhani imeneyi ndi ya anthu awiri, wachitatu ayi. Apongozi za madokotala sankazidziwa, komanso sankazifuna, poti kwa iwo mlandu unagamulidwa kalekale. Anabwera kudzandichotsa. Wolowa m'malo anali atamupeza kale, mtsikana wina wogulitsa mankhwala, ndipo chithunzi chake ankachiyang'ana pafoni n'kumausa moyo mokweza kuti ndimve ndili kukhitchini.

Kunditukwana poyera sankatero, anali akatswiri. Amangoti, "Amake... aa, pepani, ndimaiwala kuti palibe. Inu apo, tiyi wapsa?"

Amuna anga ndi dalaivala wa basi ya sukulu, ndipo anzawo amawatchula kuti a Duu chifukwa mawu awo amatuluka ngati akugula. Mayi awo akawakokera kuchipinda n'kuwalalikira za mtsikana uja, iwo yankho linali limodzi: "Ndamva, amayi." Ine mawu amenewo ankandidya. "Ndamva" si "inde", koma si "ayi" nawonso. Ndinkaopa, ndisaname. Munthu ukamamuuza chinthu chimodzi m'mawa ndi madzulo, tsiku lina amavomera kuti angopuma.

Ndiye m'nyumba yotereyi ine n'kuyambitsamo yogati.

Koyamba ndinalakwitsa ndekha. Ndinkachedwa kushopu, pajatu ndine telala wosoka mayunifomu, ndiye ndinathira mbewu mumkaka ukadali wotentha. Inapsa. Kachiwiri apongozi anazula pulagi kuti atchaje foni, poti akuti soketi ya kukhitchini ndiyo ili ndi magetsi amphamvu. Kachitatu anavundukula masana n'kutakasa botolo lililonse ndi supuni, kuti aone ngati zikutheka. Ndinameza mawu. Ndinamata pulagi ndi tepi, chivundikiro ndinachimanga ndi kansalu, ndipo ndinachita zonse mwa dongosolo lake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndinadziuza ndekha, ine amene kudekha sindinabadwe nako.

Zinakanikabe. Mbewu ankandigulira ndi amuna anga pochokera kuntchito, ndipo ankabweretsa yapinki ija ya sitiroberi, chifukwa ndi imene amaona ana akumwa m'basi mwawo. Madzulo ndikatsegula ndinkapeza madzi apinki ofunda, onunkhira ngati sopo wosambira. Ndikapendeka botolo, phwaa.

Apongozi ankabwera kudzaima kumbuyo kwanga, magalasi atsopano ali pamphuno.

"Kankhuku kanu kanafungatiranso lero?" ankafunsa. "Nyumba ino kufungatira ndiye mumatha ndithu. Kuswa ndiye kaya."

Mayo ine! Botolo linali m'manja, ndipo Mulungu yekha ndi amene analigwira. Ndinalumbira mumtima kuti zivute zitani, china chake chigwira m'nyumba muno ndisanatulutsidwe.

Ife timakhala m'nyumba yosanja, pansi. Pamwamba pathu pamakhala bambo wina wometa tsitsi amene tonse timamutchula kuti bambo a mapasa, chifukwa kwawo ana amabwera awiriawiri ngati nsapato. Akayamba kuthamanga pamutu pathu, nyali ya pabalaza imavina. Tsiku lina ndikuyanika zovala kuseri ndinaona akazi awo akutsuka timabotolo tofanana ndendende ndi tanga. Safunsa anadya phula. Ndinafunsa, ndipo mayiyo anaitana amuna awo, poti iwo ndi amene amapangira ana yogati.

"Mbewu mukuthira yotani?" anafunsa bamboyo.

"Yapinki ija, ya sitiroberi."

Anaseka mpaka kugwira chingwe choyanikira. "Imeneyo ndi yakufa, mayi. Mwangodzaza shuga ndi utoto. Mbewu imafunika yamoyo, yoyera, yowawasa pang'ono. Bwerani Loweruka m'mawa, ndidzakhala nditapanga yatsopano. Mudzatenge kapu."

Ndinalowa m'nyumba ndikuuluka. Ndinaimbira achemwali ndili kukhitchini, ndipo muyenera kudziwa kuti ine kunong'ona sindimatha. Apongozi anali pakhonde la mkati akusita malaya a mwana wawo, poti akuti ine sindisita bwino kolala.

"Achemwali, ndalipeza vuto!" ndinakuwa. "Si ine ayi! Nthawi yonseyi ndakhala ndikudziimba mlandu, kani ndi mbewu ya alamu anuwa. Yakufa, achemwali, yakufiratu! Ine mbali yanga ndimachita zonse, kutenthetsa bwinobwino, kufunditsa, kudikira osagwedeza, koma mapeto ake madzi okhaokha. Iwo sadziwa n'komwe, amangobwera nayo monyadira. Basi, Loweruka ndikukwera pamwambapa kwa bambo a mapasa. Yawo imagwira kamodzi n'kamodzi, umboni ndauona ndi maso angawa. Avomera kale."

Nditadula foni ndinamva fungo la nsalu yopserera. Ndinatuluka n'kupeza apongozi ataima chilili, pakamwa pali yasa, simbi itakhazikika pamsana pa malaya oyera, utsi uli tolo. Ndinazula pulagi. Mumtima ndinati, katswiri wa kolala uja ndi ameneyu? Zina sindinaganize.

M'mawa mwake ndinadzidzimuka ndi kugogoda. Apongozi, thireyi m'manja, tiyi ndi buledi wopaka kale.

"Mwanangu, wadzuka bwanji?"

Ndinacheuka kuti ndione ngati kumbuyo kwanga kuli munthu wina. Tiyiyo ndinayamba ndamununkhiza.

Masiku otsatira zinthu zinasokonekera. Chithunzi cha mtsikana uja sichinaonekenso. Mbale ankatsuka okha. Ndikabwera kuntchito ankandilandira chikwama n'kundiuza kuti ndikweze miyendo. Koma amene anaona zakuda ndi a Duu. M'mawa uliwonse mayi awo ankawadikirira ndi tambula ya mazira aawisi osakaniza ndi uchi, adyo ndi jinja, n'kuima pomwepo mpaka itatha. Amuna anga ankamwa misozi ili m'maso, n'kunena kuti, "Zikomo, amayi." Mayiyo ankawasisita paphewa n'kumapukusa mutu ngati mwana wawo wagonekedwa m'chipatala. Ana a pamwamba akathamanga, apongozi ankayang'ana kudenga ndi diso loti likanakhala mpeni.

Ine sindinasangalale ngakhale pang'ono. Nkhuku akafuna kuipha amayamba kuiwazira chimanga. Ndinati basi, amalizitsa zokambirana, mwamunayu akumulimbitsa thupi kukonzekera mkazi watsopano, ine akungondimvera chisoni. Kushopu ndinasoka manja a malaya mozondoka, ndipo abwana anandifunsa ngati ndikudwala.

Loweruka linakwana. Ndinasamba, n'kudzola, n'kuvala diresi yanga yabuluu, poti kunyumba kwa eni sungapite ndi sanza. Ndinatenga kapu yokhala ndi chivundikiro. Amuna anga anali kubafa akumeta ndevu. Nditafika pabalaza ndinapeza apongozi atakokera mpando pachitseko n'kukhalapo, manja ali pamaondo.

"Mwanangu, khala pansi."

"Amayi, ndikufulumira. Akundidikirira pamwamba."

"Ndikudziwa," anatero. "Ndinamva zonse pafoni paja. Mpaka wadzola!"

"Nanga ndipite wotuwa?"

Anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Ndakulakwira, mwana wa eni. Pakamwa pangapa pandipalamulitsa. Ndimayesa iwe, kani vuto lili m'nyumba mwanga momwe. Sindikuletsa ayi, ndilibe nkhope yokuletsera. Koma inu, m'mawa ngati uno? Kunja kwayera, anthu akuyanika zovala?"

"Anati m'mawa ndi pamene imakhala yatsopano."

"Mayo!" Anagwira pamtima. Kenako maso awo anagwera m'manja mwanga. "Nanga kapuyo ndi yachiyani?"

"Yotengera mbewu."

"M'kapu?"

"Nanga nditengere m'manja? Sikuti ndikufuna yambiri, amayi. Masupuni awiri akwana."

Apongozi anatsegula pakamwa, anatseka, anatsegulanso. "Akazi awo akudziwa?"

"Ndi amene anandiitanira amuna awo. Akuti amagawira anthu ambiri m'nyumba muno. Ngakhale mayi wa pakona uja anakatenga komweko."

"Wa mwana woyera uja? Ambuye, dziko latha!"

Apo m'pamene nzeru zinandibwerera. Ndinayang'ana kapu, ndinayang'ana diresi, ndinakumbukira mawu anga onse a pafoni limodzilimodzi, ndi mazira aawisi aja. Kuseka kunayambira m'mimba, koma kusanafike pakhosi kunakumana ndi mkwiyo ukutsika.

"Amayi!" ndinakuwa. "Mukundiyesa ndani ine? Mwakhala mukundipatsa tiyi masiku onsewa mukuganiza kuti ndine wotero? Ndipo munali okonzeka kundilola, bola ndipite mdima utagwa?"

Chitseko cha kubafa chinatseguka. Anatuluka a Duu, thaulo paphewa, tsaya limodzi lometa, linalo lili ndi thovu. Makoma a nyumba zathuzi ndi opyapyala, anali atamva zonse. Anapita kukhitchini, anabwera ndi kabotolo kapinki kochokera m'firiji m'dzanja limodzi, chimbale cha makina m'dzanja linalo, n'kuziika patebulo pamaso pa mayi awo.

"Mbewu yanga ndi iyi, amayi," anatero. "Ya sitiroberi. Yothira mumkaka kuti ugwire. Ya pamwambapo ndi yoyera. Nkhani ndi ya yogati."

Pamwamba mwana wina anagwetsa chinthu, chinagubuduka mpaka kukhoma.

Ndinaona nkhope ya apongozi ikusintha pang'onopang'ono. Poyamba manyazi, anaphimba kumaso ndi mpango. Kenako mpumulo, anaseka pang'ono. Kenako anavala magalasi aja, msana unawongoka, ndipo nkhope yakale ija inabwerera yonse ngati magetsi akabwera mwadzidzidzi.

"Ooo," anatero. "Ndiye kuti mwana wangayu alibe vuto." Maso awo anatsika pang'onopang'ono mpaka pamimba panga. "Ndimadabwa ine. Kubanja kwathu zimenezo kulibe."

Ndinatopa, abale. Ndinatopa ndi kubisa, ndi kumeza mawu, ndi kudikira tsiku londilongedzera katundu. Ndinati ngati n'kupita ndipite lero, ndavala kale bwino. Ndinaika kapu patebulo.

"Amayi, kuti musavutikenso, ife tinapita kwa madokotala. Anatiyeza tonse. Anati..."

"Anati vuto lili kwa ine," anatero amuna anga.

Ndinatembenuka. Iwo sanandiyang'ane. Ankapukuta thovu patsaya ndi thaulo, modekha ngati akunena za tayala lophwa.

"Pafoni paja mkazi wangayu ankanena za mkaka," anapitiriza, "koma inu munamva zoona mwangozi. Sindingabereke, amayi. Ndinkachita manyazi kukuuzani, ndiye ndinamusiya iyeyu kuti azinyozedwa m'malo mwanga. Mukabweretsa wogulitsa mankhwala uja, nayenso mudzamutchula kuti amake palibe. Mubweretse khumi, chimodzimodzi."

Chikwatirane nawo sindinawamvepo akulankhula mawu ambiri chonchi nthawi imodzi. Ndinafuna kukuwa kuti bodza, bodza limenelo! Anandiponda chala chakuphazi ndi silipasi yonyowa, mwamphamvu ndithu, nkhope ili phee.

Apongozi analira kulira kwenikweni, osati kwa kuusa moyo kuja. Anagwira manja a mwana wawo n'kumawatembenuza ngati akufunafuna pamene panalakwika. Kenako anandiyang'ana ine.

"Ndiye mawu anga onse aja unkangomeza, osaulula? Iwe wa pakamwa iwe?"

Ndinayang'ana amuna anga, silipasi yawo ikadali pachala changa.

Apongozi anadzuka pampando paja n'kuukokera pambali okha. "Ndiimbire azakhali ako," anauza mwana wawo, "asiye zokambirana ndi makolo a mtsikana uja, tisachite manyazi kawiri." Analowa kuchipinda ndi foni yawo n'kutseka chitseko.

Ndinatola kapu, ndinakoka amuna anga ndi thaulo lomwelo mpaka kunja, pamasitepe okwerera pamwamba. Kumeneko ndinayesa kunong'ona, koyamba m'moyo wanga.

"Mwapenga? Mwanamiranji?"

"Tsitsa mawu."

"Ndatsitsa! Mukuwadziwa azakhali anu? Pofika Lolemba abale onse adzakhala atamva. Kumaliro, kuukwati, amuna anzanu azidzakulozani ndi milomo. Mudzayenda bwanji?"

"Ndi miyendo," anatero.

"Musandiseke ine, ndikupweteka mumtima! Mtolo ndi wanga. Mwausenzeranji?"

Anayang'ana nsapato za ana zimene zinali mbwee pamasitepe.

"Iwe akhoza kukuchotsa n'kuikapo wina," anatero. "Nanga ine akandibweza kuti? Anandibereka okha."

Ndinakhala pansi pamasitepe pomwepo ndi diresi yanga yabuluu. Zaka zonsezi ndinkamva "ndamva, amayi" n'kumayesa kuti munthuyu akutsetsereka pang'onopang'ono kundisiya, osadziwa kuti ankangosowa poyambira. Ndinalira mpaka mafuta amene ndinadzola aja analowa m'maso. Ndinawakonda bambo amenewa m'mawa umenewo kuposa tsiku la ukwati, ngakhale tsaya limodzi linali ndi ndevu.

"Mazira aja azipitirira, mukudziwa?" ndinatero ndikupukuta mphuno. "Mwina awonjezera."

Apo nkhope yawo inagwa koyamba. "Adyo yekhayo ukanawauza achepetse."

"Sindiwauza kanthu. Mwadziputira nokha."

Kapu ija inali ikadali m'manja mwanga. Anandilanda, anandidzutsa, ndipo tinakwera limodzi, iwo patsogolo, thaulo likadali paphewa. Mayi wa pakona anali atatsegula chitseko akusesa, ndipo pansi ena ankadutsa ndi mabeseni a zochapa. Amuna anga anaima pakhomo pa bambo a mapasa, anakweza kapu m'mwamba, n'kugogoda mwamphamvu.

"Odi kuno!" anakuwa, mawu omveka nyumba yonse. "Tabwera kudzapempha mbewu. Yanga akuti ndi yakufa."